Land Rover Series III ikudonthabe oyilo pa sampu, gasiketi ndasintha kawiri. Ndithandizeni nzeru

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amakaniko ndi eni magalimoto akalekale, ndagwira mwendo wanu.

Ndili ndi Land Rover Series III ya 1978, ija yaitali imene amaitcha 109, injini ya dizilo ya malita 2.25. Inali ya malemu bambo anga, ndipo ndi imene inatilipirira sukulu tonse pakhomo pathu. Pano ndimanyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita kumsika wa Lizulu ndi pa boma la Ntcheu. Amene mukuidziwa misewu ya m'minda ya kumeneko nthawi ya dzinja mukumvetsa chifukwa chake sindingailekerere. Ofuna kundiuza kuti ndigulitse, pepani, mtima sukulola.

Vuto ndi oyilo. Kudontha inkadontha kale bambo ali moyo, koma kanali kadontho kamodzi kapena kawiri, kosadetsa nkhawa. Chiyambire chaka chino zafika pena. Ndikaimika madzulo n'kuyala katoni pansi, m'mawa ndimapeza banga lakuda lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Injini imeneyi imalowa malita oposa 6 a oyilo wa 20W-50, ndipo sabata iliyonse ndikuwonjezera pafupifupi lita imodzi. Phindu la matumba awiri a kachewere likuthera m'dothi.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina wa kwathu kuno. Anatsitsa sampu, chibeseni cha pansi pa injini chosungira oyilo, n'kuika gasiketi yatsopano ya cork (khungwa lofewa la mtengo) yotseka msoko wake, n'kumanga mabawuti ndi mphamvu zake zonse mpaka gasiketiyo inatulukira m'mbali ngati lilime. Patatha masiku anayi, banga lija linabwereranso pa katoni. Nditabwerera, anati cork za masiku ano n'zachabechabe, ndipo anapaka silikoni yofiira chubu chonse, pansi ndi pamwamba pa gasiketi ina. Inauma sabata ziwiri zokha. Sindikumunena munthuyo, anayesetsa monga mwa nzeru zake, koma ndalama zapita kawiri.

Dzulo ndinalowa ndekha pansi ndi tochi. Kutsogolo kwa sampu kuli fumbi louma. Kumbuyo, cha kumene injini imakumana ndi giyabokosi, n'konyowa, ndipo mabawuti akumapeto ali ndi madontho olendewera. Pa bawuti yokhuthulira oyilo paliponso chinyontho pang'ono. Utsi kumbuyo si wochuluka, mphamvu ikadali nayo, getsi la oyilo limazima ikangolira.

Ndiye ndigule gasiketi yachitatu, kapena sampu yeniyeniyo ndi imene yatha? Kapena tikulimbana ndi sampu pomwe oyiloyo akuchokera kwina? Mvula ili pafupi ndipo sindikufuna kuti injini ya bambo idzagogode ndili pakati pa tchire.

Membala wina, makaniko ku Lilongwe:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Oyilo amatsika kuchokera pamwamba, mphepo n'kumukankhira kumbuyo, ndiye sampu imangolandira milandu ya ena. Tsukani injini yonse ndi parafini, iume bwino, kenako muwaze ufa woyera kuzungulira msoko wa sampu ndi kumbuyo kwa injini. Iliritseni mphindi 15 ili chiimire. Pamene ufa uyambire kuda ndi pamene pali gwero. Muyang'anenso gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba, chija cha matapeti, kumbuyo kwenikweni kumene dzanja limavuta kufika. Nayonso ndi ya cork ndipo ikauma imatsitsa oyilo mpaka pa sampu.

Membala wina, wa ku Mzuzu:
Ine ndikukayikira kamangidwe kaja. Sampu ya Series ndi chitsulo chopyapyala, ukamangitsa mabawuti mabowo amatukuka ngati tizulu, ndiye gasiketi imangofinyika pa bowo pokha, pakati n'kutsala mpata. Mukaitsitsa, ikani lula yachitsulo pa mlomo wake, muona kuwala kukudutsa. Gonekani mlomowo pa thabwa lolimba, mugogode pang'onopang'ono ndi hamala mpaka uwongoke. Pomanga yambirani pakati, bawuti iyi kenako ya tsidya linalo, maulendo awiri kapena atatu, osati kumaliza imodzi nthawi yomweyo. Cork ikangoyamba kufutukuka, lekani. Ndipo silikoni yambiri ija ikundiopsa. Yotsalira mkati imaduka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Muichotse sefayo muitsuke, chonde. Kawashala ka kopa ka pa bawuti yokhuthulira musinthe, n'kotchipa.

Mayi wina, mwini Series ku Zomba:
Bambo, yanga inandizunza chimodzimodzi chaka chathunthu. Tinapeza kuti breather, potulukira mpweya wa mu injini, inatsekeka ndi matope a oyilo ndi fumbi. Mpweya wa mkati mwa injini ukasowa potulukira umakankha oyilo paliponse pofooka, ngakhale gasiketi ikhale yatsopano bwanji. Titaitsuka ndi parafini, kudontha kunachepa kwambiri. Yambani ndi zimenezo, sizidya ndalama.

Makaniko wa ku Lilongwe uja:
Amayi anena zoona. Chinanso: pansi pa nyumba ya flywheel, paja injini imakumana ndi giyabokosi, pali kabowo, kamene mumatseka ndi pulagi mukamawoloka mtsinje. Onani ngati pulagiyo inaiwalika momwemo. Imayenera kukhalamo powoloka pokha, apo ayi oyilo amadzadza mkati n'kunyowetsa kilachi. Chimene chituluke pamenepo muchinunkhize. Chakuda bii ndi oyilo wa injini, ndiye kuti oil seal, yotchinga oyilo kumbuyo kwa crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira mkati mwa injini), yatha. Chowala, chonunkha ngati dzira lowola, ndi oyilo wa EP90 wa giyabokosi. Ikakhala seal imeneyo, ntchito yake ndi yaikulu, pamafunika kutulutsa injini kapena giyabokosi, ndipo giyabokosi ya Series imatulukira m'kabini mutachotsa mipando ndi pansi pake. Injini yanu ya 1978 ndi ija ya ma main bearing atatu ogwira crankshaft, ya asanu inayamba cha m'ma 1980, ndipo ma seal ake ndi osiyana. Mukamagula munene zimenezo.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndangotuluka pansi pa galimoto pompano. Pulagi ija inalimo ndithu, chiikireni mwezi wa February pamene tinkawoloka kamtsinje ka kumunda. Nditamasula, patuluka oyilo wakuda pafupifupi theka la kapu, wopanda fungo la giyabokosi. Breather nayo ndaipeza yodzadza matope, ili m'parafini pano. Ndagwira ndi chala mlomo wa sampu, ndikumva kutukuka pa mabowo monga achimwene a ku Mzuzu anenera.

Mawa nditsuka injini ndi kuwaza ufa, zithunzi ndiika pompano. Funso langa tsopano ndi ili, bwana makaniko: kilachi sinayambe kuterereka. Ndikasiya kabowoko kotsegula, n'kuwongola sampu, n'kumayang'ana dipstick yoyezera oyilo m'mawa uliwonse, ingandifikitse pokolola mu April, kapena nditsitse injini mvula isanagwe?