Kodi n'chifukwa chiyani dzina la K. Viswanath silimveka kwambiri m'mafilimu a Chihindi?

Nachisale:
Akuluakulu, ndili ndi funso kwa inu amene mumatsatira mafilimu a ku India. Masiku apitawa ndinaonera Mr. Perfect, filimu ya wosewera Prabhas ya mu 2011, ndipo ndinachita chidwi ndi bambo wina wachikulire amene ankalankhula mofatsa kwambiri, koma anzake onse n'kumaoneka kuti akumulemekeza zenizeni. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi K. Viswanath, ndiponso kuti ntchito yake yeniyeni inali yotsogolera mafilimu a Chitelugu (chiyankhulo cha kum'mwera kwa India) ndi a Chihindi. Nanga bwanji anthu akamakamba za mafilimu a Chihindi, amene amapangidwira ku Bombay (Mumbai), dzina lakeli silituluka?

Chisale wa Gitala:
Mayi Nachisale, yankho lagona pa nyimbo. Viswanath, amene anabadwa mu 1930, anayamba ntchito ngati wojambula mawu ku Vauhini Studios mumzinda wa Madras, ndipo ndikhulupirira kuti khutu limene analinola kumeneko ndi limene linamutsogolera moyo wake wonse. Muonere filimu yake ya Chitelugu ya Sankarabharanam ya mu 1980. Nkhani yake ndi ya Sankara Sastry, katswiri wa nyimbo zamakolo za kum'mwera kwa India zotchedwa Carnatic, amene akukalamba pamene achinyamata atembenukira ku nyimbo zachilendo. Amene anasewera mbali imeneyi, J. V. Somayajulu, sanali munthu wotchuka, komabe filimuyo inakokera anthu ochuluka, ndipo woimba S. P. Balasubrahmanyam analandira nayo mphoto ya dziko lonse la India. Koma Viswanath ataipanganso m'Chihindi mu 1985, dzina lake Sur Sangam, anayenera kusintha nyimbo kuti zigwirizane ndi kaimbidwe ka kumpoto, ndipo kwa ine mpamene mchere unathawira. Girish Karnad, amene anatenga mbali ya katswiri wa nyimbo uja, anasewera bwino, sindikukana, koma nkhaniyo inali itazulidwa m'nthaka yake.

Nangozo:
Bambo Chisale, mundikhululukire, koma mwatenga filimu imodzi n'kuweruzira nayo zonse. Sargam ya mu 1979, imene anaitenga ku filimu yake ya Chitelugu ya Siri Siri Muvva, inayenda malonda kwambiri, ndipo ndi imene inalowetsa Jaya Prada m'mafilimu a Chihindi, akusewera ngati mtsikana wosalankhula wokonda kuvina, pambali pa Rishi Kapoor. Panabweranso Kaamchor mu 1982, kenaka Eeshwar mu 1989, momwe Anil Kapoor anatenga mbali imene Kamal Haasan anasewera mu filimu ya Viswanath ya Chitelugu ya Swathi Muthyam, ya mwamuna wa maganizo ngati a mwana amene anakwatira mkazi wamasiye. Swathi Muthyam imeneyi ndi imene dziko la India linatumiza ku mpikisano wa Oscar. Vuto, mmene ndikuonera ine, n'lakuti ku Bombay anapitako ndi nkhani zimene anali atazifotokoza kale kwawo, choncho oonera anakumbukira osewera ndi nyimbo za Laxmikant ndi Pyarelal, wotsogolerayo n'kumuiwala.

Chisale wa Gitala:
Pa Sargam ndavomera, mayi. Ndingowonjezera za usewero umene mayi Nachisale anafunsa poyamba. Viswanath anayamba kuonekera pamaso pa kamera ali ndi zaka 65, mu Subha Sankalpam ya mu 1995, imene anaitsogoleranso yekha, ndipo kuchokera pamenepo ankapatsidwa mbali za bambo, agogo kapena mkulu wa banja. Ine mbali zimenezi sindiziwerengera kwambiri, chifukwa zambiri n'zofanana ndipo sizinkamuvuta. Ulemu umene mayi Nachisale anauona uja unali wochokera ku ntchito yake yakale, poti kwawo amamutcha Kalatapasvi, kutanthauza munthu wodzipereka kotheratu ku luso.

Nangozo:
Boma la India linamupatsa mphoto ya Dadasaheb Phalke mu 2017, imene ndi yaikulu koposa pa zamafilimu m'dzikomo. Anamwalira ku Hyderabad pa 2 February 2023, tsiku lomwelo pakalendala limene Sankarabharanam inatulukira zaka 43 m'mbuyomo. Mayi Nachisale, mukafuna poyambira, sakani filimu yake ya Sagara Sangamam ya mu 1983 yokhala ndi mawu omasulira pansi, ndipo mukaonetsetse pamene Kamal Haasan, ataledzera, akuvina pamwamba pa chitsime mvula ikugwa.