Masikirini akuphethira, nthabwala ya teleprompter yafa

Wowongolera sewero: Akuluakulu, ndagwira njakata. Tikujambula sewero lanthabwala la pa TV, nkhani yake ndi ya kawayilesi kakanema kakang'ono komwe chilichonse m'chipinda cha nkhani chimasokonekera. Gawo lachinayi lonse latsamira pa nthabwala imodzi: mnyamata wophunzira ntchito walemba uthenga wachikondi pa kompyuta yolakwika, uthengawo n'kukwera pa teleprompter (galasi loonetsa mawu ochokera pa sikirini ya pansi pake, lomwe wowerenga nkhani amawerengapo), wowerenga nkhani n'kuuwerenga wonse nkhope ili gwa ngati akulengeza maliro. Owonera ayenera kuona mawuwo akukwera pagalasi asanawamve. Dzulo titaonera zomwe tajambula, tapeza mizere yakuda ikuyenda pa sikirini iliyonse, mawu sakuwerengeka. Masikirini 7 akumbuyo achitanso buluu. Tili pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter 1/50 (kamera imalowetsa kuwala kwa 1/50 ya sekondi pa chithunzi chilichonse). Ochita sewero tili nawo mawa lokha basi.

Wakamera: Bwana, kamera ilibe mlandu. Masikirini ambiri a kompyuta amabwera ali pa 60Hz (amabwereza chithunzi ka 60 pa sekondi), inu mukujambula pa 1/50, ndiye ziwirizo sizikuyendera limodzi. Asintheni onse akhale pa 50Hz. Okana, gwiritsani ntchito njira yosinthira liwiro la shutter pang'onopang'ono: ECS ngati kamera ndi ya Sony, Clear Scan pa Canon, Synchro Scan pa Panasonic. Muzitembenuza pang'onopang'ono mukuyang'ana, mizere ija izichedwa, kenako iima.

Wamagetsi: Achimwene anena zoona koma asiya china. Kodi kuwala kwa masikiriniwo munakutsitsa?

Wowongolera sewero: Eya, mpaka 30, amathobwa m'maso.

Wamagetsi: Ndi pamenepo. Masikirini ambiri a LED mukawatsitsa kuwala, nyale zake zakumbuyo zimangoyaka n'kuzima mothamanga kwambiri. Diso la munthu siliona, kamera imaona. Kwezani mpaka 100, kenako matani ND gel (kapulasitiki kochepetsa kuwala) pamwamba kuti asathobwe. Ine ndinatayapo tsiku lathunthu ndikusinthasintha shutter, vuto lili pa kabatani kamodzi. Za buluuzo n'zapafupi: sikirini imakhala cha pa 6500K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala, nambala ikakwera kuwala kumachita buluu), nyale zanu ngati ndi za tungsten, zofiirira zija, zili pa 3200K. Sinthani nyale zikhale za daylight (zowala ngati masana), kapena chepetsani buluu wa masikiriniwo m'ma settings. Musafanize ndendende, kabuluu pang'ono kamaoneka ngati chipinda cha nkhani chenicheni.

Wolumikiza zithunzi: Chonde pasapezeke wonena kuti tikonza polumikiza. Mizere yoyenda kuseri kwa tsitsi la munthu, pa masikirini 7, kamera ikusuntha? Ayi ndithu. Koma teleprompter yokha ndipatseni ine. Ijambuleni payokha, kamera ili pa tripod, ochita sewero atapita. Kumbukirani kuti pa sikirini yapansi mawu amakhala otembenuka, amawerengeka bwino pagalasi, ndiye kamera ikhale pomwe pamakhala maso a wowerenga nkhani. Komanso kumbuyoko musaikeko nkhani za wayilesi yeniyeni. Zili ndi eni ake, ndipo gawoli likadzabwerezedwa chaka chamawa zidzakhala zitasasa. Ndikupangirani mapu a zanyengo ndi zithunzi zathuzathu.

Wolemba sewero: Achemwali olumikiza zithunzi, pojambula payokhapo mawu akwere mochedwerapo kuposa liwiro lenileni. Owonera awerenge mzere woyamba, aone nkhope ya mnyamata uja akuzindikira, kenako wowerenga nkhani atsegule pakamwa. Akaseka asanamve mawu ndiye kuti zatheka. Zilembo zikhale zikuluzikulu, mawu anayi pa mzere, ambiri adzaonera pa foni.

Wowongolera sewero: Ndabwera kudzathokoza. Tinakweza kuwala, tinaika 50Hz, asanu anakhala bata nthawi yomweyo. Awiri akalekale aja anakanitsitsa ngakhale ndi ECS. Tinangowazimitsa, wolemba sewero n'kumatapo pepala lolembedwa ndi cholembera kuti "Yawonongeka, musakhudze". Tsopano akufuna pepalalo lizionekabe mpaka gawo lomaliza, likufwifwa pang'onopang'ono. Achemwali, mafayilo a teleprompter ndatumiza, mutenge fayilo yachitatuyo.