Msonkhano wofotokozera anthu kafukufuku wa Nyanja ya Chilwa: nthawi tigawane bwanji?

Mlembi wa komiti yokonza:
Akuluakulu anzanga, komiti yathu yapatsidwa ntchito yokonza msonkhano wofotokozera anthu wamba zomwe aphunzitsi apeza pa kafukufuku wa Nyanja ya Chilwa. Madipatimenti anayi avomera kutumiza olankhula: a za nyengo ndi madzi, a za nsomba, a za mbiri ndi a zaumoyo. Vuto ndi lakuti aliyense wapempha mphindi 40, ndipo zolemba zomwe ndalandira zili m'Chingerezi chodzaza ndi mawu omveka kwa akatswiri okha. Tikatsata zimenezi, padzapita maola oposa awiri ndi theka anthu asanafunseko funso. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munakonzapo misonkhano yotere.

Mphunzitsi wa za nyengo ndi madzi:
Alembi, ndikuona kuti chakulitsa nthawi n'chakuti dipatimenti iliyonse ikufuna kuonetsa ntchito yake yonse, pamene anthu adzabwera ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani nyanjayi imauma, nanga ikauma anthu azitani? Tonse tiyankhe funso limenelo. Gawo langa ndi lalifupi. Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma madziwo amatha ndi dzuwa ndi mphepo, kotero mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Zimenezi zikukwana pa mphindi 10.

Mphunzitsi wa za nsomba:
Ganizo la funso limodzi ndaligwirizana nalo, koma mphindi 10 zandichepera. Mfundo yanga ndi yakuti nyanja ikaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo nsomba zotsalazo ndizo zimadzaswananso madzi akabwerera. Ndiyenera kufotokoza modekha chifukwa chake maiwe amenewo sayenera kuphedwamo nsomba pa nthawi imene njala yavuta, chifukwa ndi uthenga wowawa kwa msodzi. Ndikupempha mphindi 15, ndipo ndilankhule Adokotala a za madzi akangomaliza.

Mphunzitsi wa za mbiri:
Akuluakulu, nkhawa yanga ili pa amene tikuwatcha omvera. Ku doko la Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi kuli anthu okalamba amene anaona kuuma kwa 1968 ndi maso awo, ndipo akudziwa kumene asodzi anasamukira, zimene mabanja anadya, ndi mmene anthu anayambira kulima pansi pa nyanja pomwe panauma. Zambiri zomwe ife a za mbiri tinalemba tinazimva kwa iwowo. Sikungakhale ulemu kuwaitana kuti adzangokhala chete ife tikuwauza zomwe anatiuza okha. Ndikupempha kuti wolankhula aliyense akamaliza, mmodzi wa m'makomiti a m'madoko kapena mfumu ya kumeneko ayankhepo, atitsutse ngati mpofunika. Pa chiyankhulo, tilankhule Chichewa, koma popeza m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe muli anthu ambiri olankhula Chiyao ndi Chilomwe, pakhale womasulira mafunso. Tisaiwalenso osaka mbalame, pakuti dambo la Chilwa linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi, koma dzina lawo sindinalione pa mndandanda wa oitanidwa.

Mphunzitsi wa zaumoyo:
Zomwe Apulofesa anena ndi zoona, ndipo ndikuwonjezera chenjezo. Nkhani yanga ndi ya kolera pakati pa asodzi okhala m'zimbowera (timisasa toyandama panyanja), amene amamwa madzi a m'nyanja momwemo. Anthu amene tinacheza nawo tinawalonjeza chinsinsi, choncho sindidzatchula doko kapena mudzi uliwonse, kuopa kuti nsomba zawo zingasalidwe pamsika. Nonsenu onaninso makalata a chilolezo ochokera ku komiti yoona za makhalidwe pa kafukufuku musanaonetse chithunzi cha munthu aliyense. Pa mawu ovuta, aliyense apereke zolemba zake kwa mnzake wa dipatimenti ina, ndipo paliponse pamene mnzakeyo wakakamira palembedwenso. Zanga nditumiza kwa Apulofesa a za mbiri.

Mlembi wa komiti yokonza:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndalemba kuti a za madzi ayamba ndi mphindi 10, a za nsomba atsatira ndi 15, kenako a za mbiri ndi a zaumoyo mphindi 10 aliyense, ndipo pambuyo pa wolankhula aliyense padzakhala mphindi 5 za woyankha wochokera kunyanja. Osaka mbalame ndawawonjezera. Chatsala ndi malo: holo ya pasukulu pano ili ndi magetsi koma ili kutali ndi asodzi, pamene kunyanja tidzafunika jenereta ndi zokuzira mawu. Mawa ndifunsa mitengo ya zonse ziwiri, ndipo zolemba zanu za m'Chichewa zindipeze pofika Lachisanu.