Okosijeni woyamba padziko ankathera kuti? Ndithandizeni kufotokoza

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni. Mabuku amati mabakiteriya otchedwa cyanobacteria ndi amene anayambitsa okosijeni, koma mpweyawu unadzaunjikana mumlengalenga zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo. Nanga woyambirirawo ankapita kuti? Ndipo pali njira yowaonetsera ana a sekondale ndi maso?

Yankho 1: Ankamezedwa, aphunzitsi. M'nyanja za nthawiyo munali ayironi wambiri wosungunuka. Okosijeni akangotuluka ankagwirana ndi ayironiyo, n'kukhala dzimbiri lomira pansi. Miyala yamizeremizere ya ku Hamersley, ku Australia, imene lero amakumbamo chitsulo, ndi matope a m'nyanja zimenezo. Wotsala ankathera pa haidrojeni ndi mipweya ina ya m'mapiri ophulika.

Yankho 2: Pali china chimene ambiri amachilumpha. Chamoyo chotulutsa okosijeni chikafa n'kuwola, kuwolako kumadyanso okosijeni yemwe chinatulutsa. Phindu limakhalapo pokhapokha zakufazo zitakwiririka m'matope zisanawole. Musawauzenso ana kuti okosijeni anafika nthawi yomweyo pa 21 peresenti ya mpweya ngati lero. Ayi ndithu, anakhala wochepa kwa zaka zoposa biliyoni imodzi.

Yankho 3: Zoonetsera n'zosavuta. Wiritsani madzi theka la lita kwa mphindi 10 kuti okosijeni achoke, aziziritseni ali ovundikira. Sungunulanimo theka la supuni yaing'ono ya ferrous sulphate (mchere wa ayironi wosungunuka m'madzi), muwaze soda wophikira pang'ono. Madziwo achita mtambo wobiriwira motuwa. Botolo limodzi mulidzaze mpaka pakamwa n'kutseka zolimba. Lina muthire theka, muzilikhutchumula n'kumatsegula. Lachiwirili lisanduka lofiirira ngati dzimbiri. Mukaiwala sodayo mudikira mpaka kutopa, chifukwa m'madzi a asidi ayironi amachedwa kusintha. Ndipo mukasiya mpata wa mpweya m'botolo loyambalo, onse awiri afiira, phunziro lawonongeka.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Koma ana sachedwa kufunsa kuti tinadziwa bwanji nthawiyo.

Yankho 1: Ayambireni pa pyrite, mwala wa ayironi ndi sulufule. M'miyala ya mitsinje yakale ya ku Witwatersrand, ku South Africa, muli timibulu ta pyrite toperepeseka ndi madzi. Mu mtsinje wa lero okosijeni akanatidya tisanafike patali, choncho nthawi imeneyo okosijeni anali asanachuluke. Umboni wakuthwa ndi wa sulufule: mu 2000 wasayansi James Farquhar ndi anzake anapeza m'miyala yakale kwambiri chizindikiro chimene chimapangika dzuwa likawomba mpweya wa sulufule popanda ozoni wotchinga, mpweya wopangika kuchokera ku okosijeni. M'miyala ya zaka zochepera mabiliyoni 2.3 chizindikirocho mulibe.