Mlangizi sakumufunsa za ngoziyo, kodi ndi mmene amachitira?

Mlongo wa msodzi, Senga Bay:
Abale, ndigawireni nzeru. Mlongo wanga wamng'ono ndi msodzi wa usipa. Mu Julayi mwera unagubuduza boti lawo usiku, anzake awiri anamira, iye anakakamira chigubu mpaka kunja kunacha. Chichitikireni zimenezo, nyanja safuna n'kuiona komwe. Usiku amadzidzimuka thukuta lili kamukamu, akuitana anzakewo, ndipo wayamba kachasu amene kale sankamulawa. Tikumapita naye kwa mlangizi wa zamaganizo kuchipatala, koma mayiyo mpaka lero sanamufunse za usiku umenewo. Amangofunsa za tulo ndi kadyedwe, n'kumamuphunzitsa kapumidwe. Ya kabaza ikutha. Tipitirize kapena tisake wina?

Namwino wa ku Nkhotakota:
Achemwali, pepani kwambiri. Ntchito imeneyi ndi yomwe ndimagwira. Ndinayamba ngati namwino wamba, ndipo chinandikokera ku uphungu ndi anthu amene ankangobwerabwera, mutu ukuwawa, pachifuwa pothina, mtima ukuthamanga. Tikayeza malungo palibe, BP ili bwinobwino. Ukakhala nawo pansi mofatsa m'pamene umamva kuti wina wakhala akumenyedwa pabanja zaka zambiri, wina anaona mwana wake akukokoloka. Ndiye ndinapita kukaphunzira za matenda a maganizo ku St John of God ku Mzuzu.

Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024 ndinacheza ndi anthu ambiri m'misasa. Munthu amene thupi lake likadanjenjemera, ukamuuza kuti "fotokoza zonse", umakhala wamubwezera m'madzi momwemo asanadziwe potulukira. N'chifukwa chake ine ndimayambira pomwe ayambira mnzangayo. Choyamba agone. Kenako aphunzire kudzibweza yekha mantha akamugwira: kupuma pang'onopang'ono, kuponda pansi mwamphamvu, kutchula zinthu zimene akuziona m'chipindamo, kuti thupi lizindikire kuti ali kumtunda.

Koma nkhaniyo iyenera kufika ndithu, sitiithawa. Amaifotokoza pang'onopang'ono, kangapo, mpaka kuikumbukira kutasiya kumugunditsa mtima. Nyanjanso timabwerera nayo chimodzimodzi: lero kuiona ali patali, tsiku lina kuima pamchenga, kenako kuviika mapazi, kenako kukhala m'boti lomangirira padoko. Muli ndi ufulu wofunsa mlangiziyo kuti dongosolo lake n'lotani ndipo nkhaniyo adzaifika liti. Wodziwa ntchito amayankha bwinobwino.

Ziwiri ndikupempheni. Musamugulire mapiritsi ogonetsa ngati diazepam popanda dokotala, makamaka pamene akumwa kachasu, chifukwa zikaphatikizana zingamutsekereze kupuma. Ndipo mumufunse maso ndi maso ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asakhale yekha.

Mkulu wa padoko, Chipoka:
Mwanangu, ine ndakalambira panyanja, zoterezi ndaziona. Chimene chimawononga anyamata ndi mawu athu akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna". Amasiya kulankhula, mowa n'kumawalankhulira. Musamukankhire m'boti, komanso asamangokhala m'nyumba. Mupezereni ya kumtunda: kusoka ukonde, kuyanika usipa pathandala, bola azimva kuti akadali msodzi pakati pa anzake. Kupemphera pempherani, koma kuchipatalako musasiye.

Mlongo wa msodzi, Senga Bay:
Zikomo anamwino, zikomo agogo. Pali china sindinanene. Akaona mayi a mnzake mmodzi amene anamirayo, amakhota njira. Tsiku lina anandiuza kuti chigubu chija akanamupatsa mnzakeyo.

Namwino wa ku Nkhotakota:
Chimenecho mukawauze alangiziwo ulendo uno, iye atavomera kuti munene. Opulumuka ambiri amadziweruza chonchi, ndipo nthawi zambiri n'chimene chimawasowetsa tulo kuposa mafunde enieniwo. Musafulumire kumutsutsa kuti "si mlandu wako", sangakumveni msanga. Ine ndimayenda naye mu usikuwo ndi mafunso: kunali mdima wotani, mnzakoyo anali patali bwanji, manja ako akanatha chiyani pa mwera ngati umenewo? Yankho alipeze ndi pakamwa pake. Zokaonana ndi mayiwo zibwere pambuyo, iye akakonzeka, ndipo apite ndi wamkulu wa kubanja kwanu.