Lenzi yodula ndi yotchipa, kusiyana kuli pati kwenikweni?

Mjomba_wa_Mufakose:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Harare, kamera ndi Canon ndipo ndimangodalira kalenzi ka 18-55mm kaja kamabwera ndi kamera. Ndiye ndafunsa mitengo mu tauni, 50mm ina ndi yotchipa bwinobwino koma 50mm inzake ya mzere wofiira ija mtengo kuwirikiza kakhumi, eee. Kodi tikulipira dzina chabe kapena galasi lake ndilosiyanadi? madola savuta kuwononga koma kupeza.

Nganga_Mbare:
Amwene dzina mumalipiradi pang'ono koma sizonse. Yofiirayo ndi L, gulu la malenzi apamwamba a Canon, imatseguka mpaka f/1.2 pomwe yotchipayo imathera pa f/1.8 (nambala ya f ikachepa ndiye kuti bowo lolowera kuwala lakula), ndiye kuti kuwala kulowe kochuluka choncho magalasi amkati amayenera kukhala akuluakulu komanso osulidwa mosamala kwambiri, apa ndipomwe ndalama imathera. Muli galasi lina amati aspherical, silozungulira ngati mpira, kulipanga kwake nkovuta koma ndi lomwe limathandiza kuti chithunzi chisachite mbuu mukaitsegula yonse. Malenzi ataliatali aja ena amaikamo fluorite, mtundu wa mwala woonekera ngati galasi, Canon anayamba zimenezi mu 1969, cholinga kuchotsa timizere tapepo ndi tobiriwira timene timaoneka m'mbali mwa diresi yoyera dzuwa likamawomba. Nanga coating, zija amakuta pamwamba pa galasi kuti lisanyezimire? nayo ndi ndalama, a kampani ya Zeiss ya ku Germany ndi amene anatulukira mu 1935, popanda iyoyo mukajambula moyang'ana dzuwa chithunzi chimangotuwa.

Nabanda_Pix:
Zoona achimwene koma mwasiya nkhani yaikulu, kamangidwe ku fakitale. Mu lenzi imodzi mumakhala magalasi ambiri ndipo onse ayenera kukhala pa mzere umodzi ndendende, limodzi likangopendekera pang'ono ngakhale ndi maso osaona basi mbali imodzi ya chithunzi imafooka. Ine ndinagulapo ina yatsopano mu bokosi, pa gulu la akuchikazi amene aima kumanja nkhope zili ngwee, akumanzere ngati ndawapaka mafuta, mnzanga ali ndi mtundu omwewo koma yake ilibe vuto. Ndiye mtengo wina mumalipira kuyeza kumeneko. A kampani ya Sigma amapangira malenzi awo ku Aizu ku Japan ndipo chiyambireni malenzi awo apamwamba otchedwa Art mu 2012 amati iliyonse amaiyeza payokha isanatuluke. Zotchipitsitsa zija zimangodalira mwayi wanu. Koma yodulanso ikhoza kubwera yopendekera, ndiye musanapereke ndalama matani nyuzi pakhoma, imani moyang'anizana nayo bwinobwino, jambulani mutatsegula yonse kenako zoomani makona onse anayi, zilembo zizioneka mofanana.

Mjomba_wa_Mufakose:
Zikomo achemwali za nyuzizo ndichita. Nanga zolembedwa Made in Thailand kapena China ndi feki?

Nabanda_Pix:
Ayi ndithu, Nikon ali ndi fakitale yawoyawo ku Ayutthaya ku Thailand kuyambira kalekale. Chofunika ndi mwini fakitale ndi malamulo ake osati dziko.

Gogo_Chitungwiza:
Ine ndinena zosiyana ndi anzangawa. Makasitomala athu ambiri zithunzi amazionera pa WhatsApp, pomwe zafinyidwa kale, ndani angakuuzeni kuti iyi ndi f/1.2? Tengani 50mm f/1.8 STM ya Canon ija inatuluka mu 2015 (STM ndi mtundu wa mota yake ya fokasi), kumbuyo kwake ndi chitsulo osati pulasitiki ngati yakale ija, mukaitseka kufika f/4 kuthwa kwake simungadandaule, chenji mugulire flash chifukwa mma holo athu magetsi akathima ngakhale L yo siingakupulumutseni. Pomwe yodula imapambana ndi kulimba, mota ya fokasi, ndi timphira totchinga fumbi ndi madontho, fumbi la mu Okutobala lija ngati mumajambula weekend iliyonse mudzaona kusiyana pakapita zaka. Mukafuna ya second hand yatsani tochi ya foni muunike mkati, mukaona tinthu ngati ulusi wa kangaude ameneyo ndi fangasi wa chinyezi cha nthawi ya mvula, isiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo.

Mjomba_wa_Mufakose:
Agogo mwandipulumutsa thumba kkkk. Loweruka ndilowa mu tauni ndi nyuzi yanga, amene akudziwa kopezeka STM yo andiuze ku inbox.