Mafilimu a Chiwetel Ejiofor: tiyambire iti?

Nabanda, Area 25:
Akuluakulu, achinyamata a kalabu ya zisudzo kuno akufuna kuonera mafilimu a Chiwetel Ejiofor, uja anasewera ngati a Trywell Kamkwamba, bambo ake a William Kamkwamba, mu The Boy Who Harnessed the Wind. Ena akuti ndi wa ku Nigeria, ena akuti wa ku England. Zoona ndi ziti? Nanga tiyambire filimu iti kuti anawa atolepo luso?

Che Mdala, Kawale:
Mayi, mbali zonse zikunena zoona. Anabadwira ku Forest Gate mu London pa 10 July 1977, koma makolo ake ndi a mtundu wa Igbo a ku Nigeria. Chipsera mumachiona pamphumi chija n'chenicheni. Mu 1988, ali ndi zaka 11, anachita ngozi ya galimoto ku Nigeria ndipo bambo ake, omwe anali dokotala, anamwalira pangoziyo.

Anayambira pa siteji ngati ana anuwo. Steven Spielberg ndiye anamulowetsa m'filimu yaikulu, Amistad ya 1997, momwe ndi womasulira. Koma inu yambani ndi Dirty Pretty Things ya 2002, kenako 12 Years a Slave ya 2013, yomwe inamupezetsa mphoto ya BAFTA. Oscar inamuphonya, inapita kwa Matthew McConaughey. Mu 12 Years a Slave muli pamene amupachika chingwe m'khosi, iye n'kumadziimika ndi zala za kuphazi m'matope, kumbuyo kwake ana akusewera. Salankhula kalikonse, kamera nayo sikuchoka. Bwerezani pamenepo katatu, ana aone mmene mapazi ndi mpweya zimagwirira ntchito pakamwa pali tseke. Doctor Strange isiyeni, muli zamakompyuta zambiri.

Angoni, Area 49:
Che Mdala anena bwino, koma filimu ziwirizo si za ana aang'ono, muli zikwapu, magazi ndi zamaliseche. Ngati alipo osakwana zaka 16, yambani ndi yakwathuyi. Inatuluka pa Netflix pa 1 March 2019, ndi ya mphindi 113, ndipo Ejiofor anailemba, kuitsogolera komanso kuseweramo. Anajambulira ku Kasungu konko.

Chichewa chake anachita kuphunzirira filimuyi, n'chifukwa chake chimatikwana m'khutu movutikira. Mawu amawatchula olondola, koma kukweza ndi kutsitsa liwu kumagwera posayenera. Si iye yekha: William anaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake a William anaseweredwa ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal. Akangolankhula Lily Banda, uja ali Annie, mchemwali wake wa William, mumva kusiyana kwake nthawi yomweyo. Auzeni ana ayerekeze awiriwo.

Nachisale, Likuni:
Musawauze kuti zonse za m'filimumo n'zimene zinachitika. Makina amphepo oyamba a William, a mu 2002 ku Wimbe, anali oyatsira magetsi m'nyumba: njinga ya bambo ake, dayinamo, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki owawula n'kuphwatalala, ndi nsanja ya mitengo ya bulugamu. Zopopa madzi zinabwera patsogolo. Filimu inaphatikiza ziwirizi kuti nkhani ya njala ithere pa munda wothirira.

Tsiku loonera, koperanitu filimuyo ndi kutchajiratu chipangizo choonerapo, netiweki kapena magetsi zingakudulireni pakati. Mawu olembedwa pansi aja muwayatse, chifukwa za kusukulu zambiri amalankhula m'Chingerezi.